Njira za kafukufuku pa maphunziro a malamulo ndi zaupandu

Njira za kafukufuku pa maphunziro a malamulo ndi zaupandu ndi ndondomeko zomwe ophunzira amatsatira pofuna kudziwa zimene lamulo likunena komanso mmene likugwirira ntchito pakati pa anthu. Mafunso awiriwa ndi osiyana, ndipo lililonse lili ndi njira yake yoliyankhira. Mu 1910, katswiri wa malamulo wa ku America, Roscoe Pound, analemba nkhani yosiyanitsa lamulo la m'mabuku ndi lamulo limene anthu amakumana nalo tsiku ndi tsiku.

Kufufuza m'malamulo olembedwa

Njira yoyamba ndi yowerenga malamulo ndi zigamulo za makhoti. M'Malawi wophunzira amayambira pa malamulo aakulu a dziko a 1994, omwe gawo 5 limati lamulo lililonse losemphana nawo lilibe mphamvu. Kenako amawerenga malamulo opangidwa ndi Nyumba ya Malamulo, monga Penal Code, ndi zigamulo zowatanthauzira. Zigamulo zambiri zimapezeka pa intaneti pa tsamba la MalawiLII. Makhoti ang'onoang'ono amayenera kutsatira zomwe khoti lapamwamba linagamula, choncho wofufuza amaonetsetsa ngati chigamulo chomwe wapeza sichinasinthidwe pa apilo. Mawu a lamulo paokha sakwanira. Mwachitsanzo, Penal Code inkati aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wopha munthu aphedwe, koma mu 2007 Khoti Lalikulu, pa mlandu wa Kafantayeni, linagamula kuti kukakamiza woweruza kupereka chilango chimenechi n'kosemphana ndi malamulo aakulu.

Ziwerengero za milandu

Njira yachiwiri ndi yosonkhanitsa umboni wa zomwe zikuchitikadi. Ziwerengero za apolisi zimangosonyeza milandu yomwe yakanenedwa ndi kulembedwa. Milandu yambiri ya nkhanza za m'banja ndi yogwiririra sifika kupolisi chifukwa cha mantha, manyazi, kapena chifukwa nkhaniyo yathera kwa ankhoswe kapena kwa mfumu. Motero chiwerengero chikakwera, mwina upandu wachuluka, mwinanso anthu ayamba kukhulupirira apolisi. Pofuna kuthana ndi vutoli, ofufuza amasankha mabanja mwachisawawa n'kuwafunsa ngati anachitiridwapo zaupandu, kaya anakanena kapena ayi. Ku England ndi Wales kafukufuku wotere anayamba mu 1982.

Kuyesa ndi kuyerekeza

Kuti adziwe ngati ndondomeko ina imachepetsadi upandu, ofufuza amagawa madera kapena milandu m'magulu n'kuyerekeza zotsatira. Ku Kansas City, mu 1972 mpaka 1973, madera 15 anagawidwa patatu: kwina apolisi anasiya kulondera pa galimoto, kwina anapitiriza monga kale, kwina kulonderako kunawonjezedwa. Chiwerengero cha milandu sichinasiyane kwenikweni.

Ku Minneapolis, mu 1981 mpaka 1982, Lawrence Sherman ndi Richard Berk anapeza kuti omwe anamangidwa chifukwa cha nkhanza za m'banja sankabwereza kawirikawiri poyerekeza ndi omwe anangolangizidwa kapena kuchotsedwa pakhomo kwa maola angapo. Apolisi m'madera ambiri a ku America anasintha kagwiridwe ka ntchito potengera zimenezi. Koma kafukufukuyu atabwerezedwa m'mizinda ina, zotsatira zinasiyana: ku Milwaukee, omangidwa omwe anali paulova ankabwereza nkhanza kwambiri. Ichi n'chifukwa chake zotsatira za malo amodzi siziyenera kusandutsidwa lamulo zisanayesedwenso kwina.

Kucheza ndi anthu komanso kuwateteza

Ziwerengero sizifotokoza chifukwa chomwe zinthu zimachitikira. Wofufuza angakhale m'khoti la majisitireti n'kumaona mmene milandu ikuyendera, kapena kucheza ndi akaidi, apolisi ndi ochitiridwa nkhanza. Asanayambe amapempha chilolezo ku komiti yoona za kafukufuku ya pa yunivesite yake. Aliyense wofunsidwa ayenera kuvomera yekha atauzidwa cholinga cha kafukufukuyo, ndipo dzina lake limabisidwa. Izi zimafunika kwambiri kwa akaidi ndi ana, omwe angaope kukana.