Mayi Wodwala Mapapo ndi Khanda Lake: Kumene Tizilombo Tosamva Mankhwala Timachokera

Msewu wa Mosi-oa-Tunya umadutsa pakati pa mzinda wa Livingstone ku Zambia n'kutsetserekera ku mathithi a Victoria, omwe ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 10, ndipo chapafupi ndi msewuwu pali chipatala chachikulu cha mzindawu, chomwe anthu ambiri amachidziwa ndi dzina lakuti Livingstone Central Hospital, kumene amatumizako amayi oyembekezera ndi makanda odwalitsa ochokera m'maboma monga Kazungula, Zimba ndi Kalomo. M'zipatala zotere mumabuka funso lomwe madokotala a ku Ulaya ndi ku America amalifunsa kwambiri akamakamba za matenda a cystic fibrosis, lakuti kodi mayi amene mapapo ake akhala akusunga kwa zaka zambiri tizilombo tosamva mankhwala angapatsire khanda lake tizilomboto. Kuno kum'mwera kwa Africa funsoli ndi lomwelo, kungoti kawirikawiri limadza kudzera m'chifuwa chachikulu ndi matenda a m'magazi a makanda, ndipo umboni womwe ulipo ukusonyeza kuti mayi amaopedwa mopitirira muyeso pamene manja a osamalira odwala, madzi ndi zipangizo za m'chipatala siziopedwa mokwanira.

Cystic fibrosis ndi matenda obadwa nawo, osati opatsirana. Dokotala Dorothy Andersen wa ku New York anawafotokoza mwatsatanetsatane mu 1938, ndipo mu 1989 akatswiri Lap-Chee Tsui, John Riordan ndi Francis Collins anapeza kachigawo ka chibadwa, kotchedwa CFTR, komwe kakalakwika kamayambitsa matendawa. Ntchito ya kachigawoka ndi kuthandiza thupi kuyendetsa mchere ndi madzi m'timinofu tokuta njira za mpweya ndi za chakudya, kotero kakalephera ntchito, makhololo amalimba n'kumata m'mapapo, kapamba amatsekeka moti mafuta a m'chakudya sagayika, ndipo thukuta limatuluka ndi mchere wochuluka. Mwana amadwala pokhapokha atalandira kachigawo kolakwika kuchokera kwa makolo onse awiri, ndipo ngati bambo ndi mayi ali nako kamodzikamodzi popanda kudwala, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa inayi woti mwanayo abadwe ndi matendawa.

Kwa zaka zambiri mabuku a zachipatala ankaphunzitsa kuti awa ndi matenda a azungu, popeza kumpoto kwa Ulaya amagwira mwana mmodzi mwa ana pafupifupi 2,500 kapena 3,000 obadwa. Chiphunzitsochi chinapweteka ana ambiri akuda. Ku South Africa, komwe kaundula wa odwala matendawa anakhazikitsidwa mu 2018, kunapezeka kuti ana akuda nawonso amadwala, kungoti cholakwika cha m'chibadwa chawo nthawi zambiri chimakhala chamtundu wina, chotchedwa 3120+1G>A, osati F508del chomwe n'chofala pakati pa azungu. Mwana amene akutsokomola mosalekeza, wosanenepa ngakhale akudya bwino, wochita chimbudzi chamafuta ndi chonunkha kwambiri, amafanana m'zonse ndi mwana wodwala chifuwa chachikulu, wonyentchera kapena wobadwa ndi HIV, ndipo popeza kuyeza mchere wa m'thukuta, komwe ndi njira yotsimikizira matendawa kuyambira mu 1959, n'kosowa m'maiko ambiri a kuno, n'zosavuta kuti mwanayo amwetsedwe mankhwala a chifuwa chachikulu kangapo popanda kusintha.

Kumaiko olemera zinthu zasintha msanga. Kale odwala ambiri ankamwalira asanakule, koma mu October 2019 boma la United States linavomereza mankhwala otchedwa Trikafta, omwe amakonza kagwiridwe ntchito ka CFTR, ndipo chaka chotsatira chiwerengero cha amayi odwala matendawa omwe anatenga mimba m'dzikolo chinawirikiza pafupifupi kawiri. Apa m'pamene funso la khanda linakula, chifukwa mayi wotere amafika pa msinkhu wobereka atamwa ndi kubayidwa mankhwala opha mabakiteriya kwa zaka zambiri. Nthawi iliyonse mankhwala akalowa m'thupi amapha mabakiteriya ofooka n'kusiya olimba, omwe amaswana n'kudzaza malo, ndipo m'makhololo olimba a m'mapapo mabakiteriyawa amamanga kansalu kotereza komwe mankhwala salowamo mosavuta. Odziwika kwambiri ndi Pseudomonas aeruginosa, Burkholderia cepacia, Mycobacterium abscessus, yemwe ndi wachibale wa kachilombo ka chifuwa chachikulu, ndi mtundu wa Staphylococcus aureus wosamva mankhwala ambiri wotchedwa MRSA.

Chofunika kumvetsa n'chakuti mabakiteriya atatu oyambawo amakhazikika m'mapapo owonongeka kale, pamene mapapo abwino amawatsuka okha kudzera m'timaubweya tating'onoting'ono tokankha makhololo kupita kukhosi. N'chifukwa chake odwala cystic fibrosis amalangizidwa kutalikirana mamita awiri ndi odwala anzawo, koma salangizidwa kupatukana ndi abale awo athanzi. Khanda lobadwa kwa mayi wodwala limatenga ndithu kachigawo kamodzi kolakwika, koma silidwala pokhapokha bambo wake atapereka kachiwiri, kotero kuyeza chibadwa cha bambo mimba isanakhale kumayankha mbali yaikulu ya funso lonse. Khanda likabadwa ndi matendawa chiopsezo chimakhala chenicheni, popeza mayi ndi mwana amakhala odwala awiri m'nyumba imodzi amene sangatalikirane, ndipo likabadwa masiku asanakwane n'kuikidwa pa makina opumira, thupi lake losakhwima lingagonje kwa mabakiteriya omwe khanda lamphamvu likanawagonjetsa. MRSA yekha ndiye wosasankha, chifukwa amakhala pakhungu ndi m'mphuno ndipo angalowe pamchombo kapena pachilonda cha khanda lililonse.

Madokotala a ana amagawa matenda a m'magazi a makanda pawiri. Oyamba m'maola 72 chibadwireni kawirikawiri amachokera kwa mayi, pamene khanda likudutsa m'njira yobadwira kapena pamene nsupa yasweka kale ndipo kubereka kwachedwa, ndipo oyambitsa ake ndi monga Streptococcus wa gulu B ndi Escherichia coli wa m'matumbo. Oyamba pambuyo pa maolawo amachokera makamaka kumalo kumene khandalo lagonekedwa. Kafukufuku amene anachitika m'chipinda cha makanda odwalitsa pa University Teaching Hospital ku Lusaka mu 2013 ndi 2014 anapeza kuti mwa makanda anayi alionse amene magazi awo anaonetsa mabakiteriya, pafupifupi atatu anali ndi Klebsiella, ndipo pafupifupi mabakiteriya onsewo sankamva mankhwala oyambirira omwe bungwe la World Health Organization limalimbikitsa, monga penicillin kapena ampicillin pamodzi ndi gentamicin, ngakhalenso ceftriaxone yemwe amatsatira enawo akalephera. Ku Blantyre, kaundula wa zoyeza magazi wa chipatala cha Queen Elizabeth Central, wa zaka za 1998 mpaka 2016, anasonyeza kuti Klebsiella wosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone anachuluka kuchoka pa 12 mwa 100 alionse mu 2003 kufika pa 90 mu 2016. Klebsiella amakonda malo achinyontho monga masinki, mapaipi a mpweya ndi mabotolo a madzi obayira m'mitsempha, ndipo amayenda kuchoka pa khanda lina kupita pa lina kudzera m'manja, makamaka pamene namwino mmodzi akusamalira makanda ambiri ndipo awiri kapena atatu agonekedwa pa kabedi kamodzi.

Umboni wakuti vuto lalikulu lili m'chipindamo unaonekanso ku Lusaka komweko pakati pa 2015 ndi 2017, pamene ofufuza anayesa njira zotsika mtengo, monga kuphunzitsa ogwira ntchito za ukhondo, kuwakumbutsa pa mauthenga a pafoni, kupanga pachipatala pomwepo mankhwala opaka m'manja, kukolopa ndi kupukuta zipangizo mwakhama, ndi kusambitsa makanda olemera makilogalamu 1.5 kapena kuposerapo ndi chlorhexidine kamodzi pa sabata, ndipo imfa za makanda ogonekedwa zinachepa. Chigawo cha Kum'mwera, chomwe Livingstone alimo, chinaperekanso phunziro lake kudzera m'kafukufuku wotchedwa ZamCAT wa 2011 mpaka 2013, yemwe anakhudza amayi oposa 40,000 ndipo anapeza kuti kupaka chlorhexidine pamchombo sikunachepetse imfa za makanda poyerekeza ndi kungousunga mchombowo wouma ndi waukhondo. Izi sizikutanthauza kuti mchombo ndi wosafunika kuusamala, koma zikulimbikitsa zomwe azamba akhala akunena, kuti pamchombo pasapakidwe phulusa, mafuta kapena zitsamba.

Mayi wa ku Livingstone amene akufanana kwambiri ndi mayi wodwala cystic fibrosis ndi yemwe ali ndi chifuwa chachikulu chosamva mankhwala, chomwe sichigonja kwa isoniazid ndi rifampicin, mankhwala awiri amphamvu kwambiri pa matendawa. Apa chiopsezo ndi chachikulu kuposa cha Pseudomonas, chifukwa kachilombo ka chifuwa chachikulu sikafuna mapapo owonongeka, ndipo khanda likakakoka mumpweya kangathe kufalikira thupi lonse mpaka ku ubongo. Makina a GeneXpert, omwe World Health Organization inawavomereza mu 2010, amasonyeza m'maola awiri ngati makhololo ali ndi kachilomboka ndiponso ngati sikamva rifampicin, ndipo mayi akayamba mankhwala oyenera mimba ili yaing'ono, mphamvu yake yopatsira ena imatsika kwambiri asanafike pobereka. Khanda la mayi wodwala chifuwa chachikulu wamba limatetezedwa ndi isoniazid, koma mankhwalawa alibe ntchito pa mtundu wosamvawu, ndipo n'chifukwa chake zinali zofunika kwambiri pamene mu 2024 bungweli linalimbikitsa levofloxacin wa miyezi 6 kwa anthu okhala ndi odwala otere, kutsatira kafukufuku wa ana ku South Africa ndi wina wa ku Vietnam.

Pa matenda onse awiriwa, yankho lomwe mantha amathamangira ndi kulanda mayi khanda n'kumuletsa kuyamwitsa, koma limeneli kawirikawiri ndi yankho lolakwika. Tizilombo ta m'mapapo timayenda m'mpweya ndi m'manja, osati mumkaka wa m'mawere, ndipo mkakawo, makamaka woyamba wachikasu uja, uli ndi zoteteza zomwe zimakuta matumbo a khanda ndi kudyetsa mabakiteriya abwino amene amatsekereza oipa. Mkaka wa mayi wodwala cystic fibrosis ndi woyenera khanda, ngakhale kuti mayiyo amafunika chakudya chambiri kuti asaonde, ndipo ngati akumwa mankhwala atsopano aja a Trikafta, omwe amadutsa m'nsapo ndi mumkaka, madokotala amayeza maso ndi chiwindi cha khandalo. Khanda lolandidwa kwa mayi silipita kumalo opanda tizilombo, koma limapita m'chipinda chodzaza ndi makanda ena odwala, kapena limapatsidwa mkaka wa m'chitini wosungunulidwa ndi madzi osadalirika. Njira ya kangaroo, yomwe inayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, pamene khanda losakwana masiku limamangidwa pachifuwa cha mayi khungu kukhudzana ndi khungu, yasonyeza kuti imachepetsa matenda a m'magazi ndi imfa. Mayi amene akutsokomola amafunika kuvala chophimba kukamwa ndi mphuno poyamwitsa, kusamba m'manja ndi sopo akatha kulavula, kuchita zochotsa makhololo m'chipinda china kutali ndi khanda, ndi kutsegula mazenera, ndipo kupatukana kwa kanthawi kumalingaliridwa pokhapokha akadali wopatsira ena chifuwa chosamva mankhwala ndipo mankhwala sanayambe kugwira. Mwambo wa chikuta, woletsa alendo kunyamula khanda mchombo usanagwe, ukugwirizana bwino ndi malangizowa, bola nyumbayo ikhale yolowa mpweya.

Pali mbali ina yomwe siili m'chipatala. Mayi safunika kuchita kukhala wodwala kuti asunge mabakiteriya osamva mankhwala, chifukwa anthu ambiri athanzi amawasunga m'matumbo osadziwa, ndipo chizolowezi chogula makapisozi kapena bakitilimu wa masiku awiri pagolosale kapena pamsika pofuna kuthana ndi chimfine chimawachulukitsa. Mzinda ngati Livingstone, womwe uli pamalire ndi Zimbabwe ndipo uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera pa mlatho wa Kazungula womwe unatsegulidwa mu May 2021, umalandira alendo, amalonda ndi oyendetsa malole a maiko ambiri, ndipo mabakiteriya amayenda nawo popanda chiphaso. Zambia ndi Malawi onse anakhazikitsa ndondomeko zolimbana ndi kusamva mankhwala mu 2017, ndipo kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya The Lancet mu 2022 anawerengera kuti mu 2019 vutoli linapha mwachindunji anthu 1.27 miliyoni padziko lonse, chigawo cha Africa cha kum'mwera kwa Sahara n'kukhala chokhudzidwa kwambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu ake.

Chomwe chimathandiza kwambiri khanda la mayi wodwala mapapo ndi kudziwiratu tizilombo tomwe mayiyo ali nato asanachire. Makhololo ake akameretsedwa mu labotale pa miyezi yomaliza ya mimba n'kuyesedwa pa mankhwala osiyanasiyana, zotsatirazo ziyenera kulembedwa m'buku lake la kusikelo, kuti ngati khanda lileka kuyamwa, litentha kapena kuzizira thupi, lipuma mothamanga, likomoka, lifooka kapena mchombo ufiira n'kutuluka mafinya, dokotala asataye masiku akuyesa mankhwala omwe zikudziwika kale kuti sagwira. Magazi a khandalo ayenera kutengedwa jakisoni woyamba asanabayidwe, chifukwa mankhwala akalowa kale m'thupi mabakiteriya sameranso bwino poyeza, ndipo zotsatira zake zimatenga masiku awiri kapena atatu.