Chinkhoma ndi Chambo

Ana inu, mukaima m'minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi kupenya kum'mawa, muona phiri la Mulanje. M'matanthwe ake mukhala kanyama kotchedwa chinkhoma. Ambiri a inu simunakaone, koma chambo mwachiona pamsika. Tsono mwa ziwirizi, chili pafupi kutha ndi chiti?

Anthu ophunzira za zolengedwa aziika m'mafuko. Zonse ziwiri zili ndi fupa la msana, ndipo chibale chawo chithera pomwepo. Chinkhoma ndicho nyama yoyamwitsa, ya banja limodzi ndi mbuzi ndi ng'ombe, pakuti chibzikula, ndi ziboda zake nzogawanika. Chiponda ndi nsonga za ziboda zokha, chotero chikhoza kuima pa mwala waung'ono osaterereka. Chiyenda ndi mnzake, chachimuna ndi chachikazi, nichibala mwana mmodzi. Chambo ndicho nsomba ya mamba, ya banja limodzi ndi utaka ndi mbuna. Chachikazi chisunga mazira m'kamwa kufikira ataswa, ndipo tiana tikaona choopsa tithawira momwemo.

Lilipo bungwe lotchedwa IUCN, limene lilemba m'buku zamoyo zimene zilinkuchepa. M'bukumo chinkhoma sichiwerengedwa pa zofuna kutha, chifukwa chipezeka m'mapiri ambiri kuchokera ku Ethiopia kufikira ku South Africa. Alenje ndi agalu akachitha pa phiri lina, chitsala pa lina.

Za chambo nzosiyana. Kwawo ndi nyanja ya Malawi, nyanja ya Malombe ndi mtsinje wa Shire. M'chaka cha 2018 bungwe lija linaika mitundu itatu ya chambo pa zamoyo zimene zili pafupi penipeni kutha, ndipo mtundu umodzi, Oreochromis lidole, ena aopa kuti unatha kale. Chifukwa chake sichibisika. Asodzi anachuluka, nakoka makoka a maso aang'ono m'madzi osaya m'mene chambo chiswana. Khoka likagwira mayi mmodzi wokhala ndi mazira m'kamwa, lapha ndi ana omwe. Ku Malombe, kumene chambo chinali chosasowa, chinachepa kwambiri m'zaka zoyamba za m'ma 1990.

Chimene chisokeretsa maso athu ndi msika. Wogulitsa abwera ndi nsomba zimene zagwidwa, koma satiuza zimene zatsala m'madzi.