Womwetsa zigoli sagulidwa poona chiwerengero chokha

Ntchito yanga ndi kusakira matimu osewera. Nyengo yogula osewera ikafika, akuluakulu a timu amathamangira funso limodzi: mnyamatayo wamwetsa zigoli zingati? Ine ndimayamba ndafunsa kuti mpira umamupeza bwanji.

Mu 2021 Chelsea inagula Romelu Lukaku ndi mapaundi 97.5 miliyoni atangomwetsa zigoli 24 mu ligi ya ku Italy akusewerera Inter. Ku Inter, mphunzitsi Antonio Conte ankamuseweretsa kutsogolo limodzi ndi Lautaro Martínez. Timu ikangolanda mpira inkauponya msanga, Lukaku n'kuliyatsa liwiro kulowera komwe kulibe anthu, maso ali kugolo. Ku Chelsea ya Thomas Tuchel kunali kwina. Ankapatsirana mpira modekha mpaka adani onse kubwerera kumbuyo, iye n'kutsala yekha pakati pa otchinga, atafulatira golo. Pokumana ndi Crystal Palace mu February 2022 anaukhudza mpira ka 7 kokha masewero onse. Ligi inatha ali ndi zigoli 8, ndipo anabwerera ku Inter pangongole. Ochemerera ankati munthuyo watha, koma ine ndimakana. Miyendo inali yomweyo. Timu ndiyo sinkamupatsa mpira momwe iye amaufunira.

Mosiyana ndi Lukaku, Erling Haaland atafika ku Manchester City mu 2022 anapeza Kevin De Bruyne, katswiri woona mnzake asanayambe n'komwe kuthamanga. Anamwetsa zigoli 36 mu ligi chaka choyamba.

N'chifukwa chake ndikapita kukaonera wosewera, nthawi yambiri ndimamuyang'ana pamene alibe mpira. Amathamangira kumbuyo kwa otchinga, kapena amabwerera kudzaulandira paphazi? Timu ikautaya mpira, amawapanikiza adani kapena amangoyenda? Zigoli zake ndimaziunikanso chimodzichimodzi, chifukwa zamapenate zimanamiza ambiri. Ngati timu yanu ili ndi anyamata am'mbali odziwa kuponya mipira yam'mwamba, mukufunika wamtali wodziwa kugunda ndi mutu. Mukamugula wotereyo pomwe inu mumasewera wapansi, adzangoima ngati mtengo, inu mukumulipira mwezi ndi mwezi.

Akuluakulu a matimu athu, musanasainitse aliyense, khalani pansi ndi mphunzitsi wanu, muonere limodzi masewero anu a chaka chatha, muone komwe mipira yolowa m'bokosi imachokera. Mukatero m'pamene mutitume kukasaka munthu.