Njewa: mudzi umene udabala mzinda, lero mzinda ukuumeza

Mukakwera minibasi ya ku Mchinji, musanafike ku Chitedze, kondakitala amakuwa kuti, "Otsika pa Njewa!" Anthu ambiri a m'tauni amangodziwa kuti Njewa ndi siteji, kapena kumene kumapezeka mapuloti otsika mtengo. Koma dzinali ndi lakale kuposa Kawale, Biwi ngakhale Capital Hill.

Mabuku a mbiri amanena kuti boma la Lilongwe lidayamba m'chaka cha 1902 pa malo a mfumu Njewa, mfumu ya Achewa, ndipo pofika 1904 atsamunda adakhazikitsapo ofesi zawo. Nthawi imeneyo kuno kudali midzi, minda, madambo ndi nkhalango basi. M'zaka za m'ma 1920 ulimi wa fodya udakula m'chigawo chapakati, misewu idakumana pa Lilongwe, amwenye nkutsegula masitolo. Mu 1947 malowa adatchedwa tauni, ndipo mu 1975 Dr Kamuzu Banda adasamutsira likulu la dziko kuno kuchoka ku Zomba.

Taonani manambala. Kalembera wa 1966 adapeza anthu osakwana 20,000 mu Lilongwe. Wa 1977 adapeza 98,718, wa 1998 adapeza 440,471, ndipo wa 2018 adapeza 989,318. Khamu lonseli limafuna pogona. Nanga malowo achokera kuti? Yankho ndi lapafupi: m'minda ya anthu akumudzi, ndipo dera la T/A Njewa, lomwe lili pakhomo penipeni pa mzinda chakumadzulo, ndi limodzi mwa madera oyamba kulumidwa.

Deralitu lidadalitsika. Ndi lachidikha, dothi lake ndi lakatondo lokomera chimanga, mtedza ndi fodya. N'chifukwa chake malo ofufuzira za ulimi a Chitedze adatsegulidwa chakomweko mu 1948. Msewu wa ku Zambia umadutsa momwemo, njanji ya ku Mchinji yomwe idatha mu 1980 imadutsanso chakomweko. Koma zokoma zomwezi ndizo zikukopa ogula malo. Pamene padali mizere lero pali mipanda ya njerwa, nyumba zosungiramo katundu ndi mauvuni.

Kugulitsa malo sikulakwa ayi, ndipo munthu wa geni ku Chinsapo amene watopa ndi lendi sitingamudzudzule pofuna pake. Vuto ndi momwe malondawo akuyendera. Pachikhalidwe cha Achewa munda ndi wa mbumba. Umatsata kuchikazi, ndipo mwinimbumba ndi mlonda chabe. Tsono malume akagulitsa mwamseri nkugula njinga yamoto, chaka chamawa adzukulu alima pati? Ndalama ya puloti imatha miyezi ingapo, koma munda udadyetsa agogo ndi zidzukulu. Madzi akatayika saoleka.

Wogula nayenso samagona tulo. Ndani sadamvepo za puloti imodzi yogulitsidwa kwa anthu atatu, aliyense ali ndi kalata yodinda m'manja? Ndani sadaonepo nyumba zothinana popanda msewu woti ambulansi idutse, chitsime chili pafupi ndi chimbudzi? Ngakhale manda ndi dambwe, kumene kumachokera Gule Wamkulu, zatsala ngati zilumba pakati pa mipanda.

Malamulo alipo. Kale mu 1967 boma lidakhazikitsa malamulo amene adalola mabanja a kumadzulo kwa Lilongwe kulembetsa malo awo monga ndunda. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano la malo a mafumu, lolola munthu kapena banja kulembetsa malo ake kudzera m'komiti ya za malo ya m'deralo. Koma lamulo lokhala m'kabati silitchinjiriza munda wa mayi wamasiye.

Choncho inu a bizinesi, musanapereke ndalama, funsani mbumba yonse, osati mkulu mmodzi amene mwakumana naye pa bawo. Pitani ku ofesi ya za malo mukafufuze. Inu ophunzira amene kwanu ndi konko, khalani pansi ndi agogo, mulembe maina a midzi, madambo ndi mafumu zisanafufutike. Mafumu nawo akumbukire kuti adalandira dziko kuti alisunge. Khonsolo ya mzinda ndi ya boma zigwirizane zodula misewu ndi kupatula malo a sukulu, msika ndi manda nyumba zisanadzadze.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Tikachedwa, ana a Njewa adzakhala alendi pa nthaka ya makolo awo.