Mphamvu ili ndi maina ambiri

Ana inu, kodi munaonapo bambo wa makala akudutsa ku Sanjala m'mamawa? Kunja kuli kuzizira. Iye ali pa njinga. Kumbuyo wamanga thumba lalikulu. Akupita kumsika wa Lichinga. Tikamuona timati: "Bambo uyu ali ndi mphamvu!"

Mau akuti mphamvu timawamvanso m'Baibulo. Koma Cipangano Catsopano sicinayambe kulembedwa m'Cinyanja kapena m'Cipwitikizi. Cinalembedwa m'Cigiriki, zaka pafupifupi 2000 zapitazo. Agiriki anali ndi mau angapo onena za mphamvu ndi nchito. Tiyeni tiwaphunzire potsatira njinga ija.

Mau oyamba ndi ischus. Iyi ndi nyonga ya m'thupi. Ili m'miyendo ndi m'mikono ya bambo uja, ngakhale iye atakhala pansi kupumula.

Mau aciwiri ndi dunamis. Uku ndi kutha kucita cinthu. Bambo uja amatha kukwera citunda ndi katundu. Mwana wa zaka zitatu sangathe.

Mau acitatu ndi energeia. Iyi ndi mphamvu imene ikugwira nchito tsopano lino. Bambo akupalasa, mawilo akuzungulira, thukuta likutsika.

Mau acinayi ndi ergon. Iyi ndi nchito imene yacitika. Thumba lafika kumsika. Makala agulidwa. Kunyumba adya nsima ndi nyemba.

Mau acisanu ndi exousia. Uwu ndi ulamuliro. Pamsewu wapolisi akweza dzanja, ndipo njinga iima. Sanaigwire njingayo. Mwina bambo wa makala ndiye wanyonga kuposa iye. Koma wapolisi anapatsidwa ulamuliro pamsewu.

Mau otsiriza ndi kratos. Iyi ndi mphamvu yogwira zinthu zolimba ndi kuzilamulira, monga ya mfumu kapena ya boma.

M'kalata ya Paulo kwa Aefeso, mutu 1 ndime 19, muli mau anayi mwa amenewa pamodzi: dunamis, energeia, kratos ndi ischus.

Ena mwa mau amenewa mumawamva kale m'Cipwitikizi. Magetsi amachedwa energia. Kacitsulo kamene kamakhudza wilo la njinga ndi kuyatsa nyali ndi dínamo, mwana wa dunamis. Mau akuti democracia ali ndi kratos m'kati mwake. Demos ndi anthu. Conco democracia ndi ulamuliro wa anthu. M'caka ca 1994 anthu a ku Moçambique anavota koyamba posankha pakati pa zipani zambiri.

Kwa makolo

Mwina mumafunsa kuti: "Cinyanja timaciyankhula kunyumba. Nanga kusukulu ca ciani?" Taganizani za anthu amene anamasulira Baibulo. William Percival Johnson, wansembe wa mpingo wa Anglican, anakhala zaka zambiri m'midzi ya m'mbali mwa nyanja ya Niassa. Iye anamasulira Baibulo m'Cinyanja ca kunyanja, ndipo lonse linatuluka m'caka ca 1912. Ku Malawi, Buku Lopatulika linatuluka m'caka ca 1922. Pa mau alionse a Cigiriki, omasulira ankafunsa kuti: "Apa tinene mphamvu, nyonga, ulamuliro kapena nchito?" Mayankho anawapeza m'kamwa mwa eni ciyankhulo. Cinyanja sicinasowe mau.

Mwana wanu akucita nchito yomweyo. Akadziwa kusiyanitsa nyonga ndi ulamuliro m'ciyankhulo ca amai ake, sadzavutika kumva força ndi autoridade m'Cipwitikizi. Koma akangoloweza mau acilendo osadziwa tanthauzo, amaiwala msanga. Madzulo muwerenge naye tsamba ili. Mumufunse mafunso ali m'munsiwa, ndipo mumulole ayankhe yekha.

Mafunso

1. Amai akusinja cimanga mu mtondo. Nyonga yao ili kuti?
2. Ufa uli m'licero. Kodi nchito yatha kapena ikucitika?
3. Aphunzitsi akuti: "Khalani cete!" Ana onse akhala cete. Kodi imeneyi ndi nyonga kapena ulamuliro?
4. Chula cinthu cimodzi cimene umatha kucita lero, cimene sunkatha caka catha.
5. Jambula njinga ya makala. Onetsa pamene pali dínamo.