Kunja kulibe "wakwathu": ma American bamene banapwetekana beka beka ku Europe

Ngati muli na bundle yokwana, olo password ya Netflix ya mulamu wanu, Emily Cooper mumuziba. Ni uja musikana wa ku Chicago wamene anafika ku Paris osaziba kukamba French, koma nchito ili che bwino, banyamata bamulimbilana, vovala asintha monga ali na boutique mu bedroom. Emily in Paris inayamba mu 2020, ndipo bambili bakasiliza kutamba bamagona na maloto ya passport.

Manje mvelani. Nkhani ya mu American wonyamula chola kuyenda kunja siinayambe na Netflix. Bolemba ma buku banaiyamba zaka zopitilila 140 kumbuyo, ndipo beve banalibe chifundo. Mu ma buku yao wina anafa ali musikana, wina banamudyela ndalama, wina banamupaya pa nyanja. Chodabwisa ni chakuti kambili wamene anabapweteka sanali mwine wa ziko. Anali mu American munzao.

Daisy na kachepa wa bazimai ba ku Rome

Tiyambile pa ambuye bake ba Emily. Mu 1878 Henry James anatulusa ka buku kafupi, Daisy Miller. Daisy achokela ku Schenectady, mu New York. Batate bake ni bolemela, banasala ku nyumba kupanga ndalama, eve ayenda mu Europe na bamai bake na mufana wake Randolph. Ku Vevey, mu Switzerland, akumana na Winterbourne, mu American wamene anakhalisa ku Geneva mpaka anaibala mwamene bakwao bamachitila vintu.

Mulandu wa Daisy ni uti? Aseka na aliyense, ayenda na mwamuna popanda mukulu wobapelekeza. Ku Rome ayamba kuoneka mu museu na munyamata wa ku Italy, Giovanelli. Bamene vinababa maningi ni bazimai ba ku America bamene banakhazikika mu Rome, bofuna kuoneka apamwamba kuchila beni ziko. Mrs Costello akana olo kumupasa moni. Mrs Walker amufulatila pamaso pa bantu pa party. Ngati munakhalapo mu komboni mwamene bamai ba pa pompi bamaziba nthawi yamene munabwela usiku, iyi nkhani simufunika wokumasulilani.

Usiku wina Daisy ayenda na Giovanelli kukaona Colosseum. Winterbourne abapeza, ndipo mu mutima agamula kuti uyu musikana ni wotayika. Daisy aona kuti na uyu wamutaya, aleka kusamala za umoyo wake. Pasapite masiku adwala "Roman fever", yamene ise tiziba bwino: malaria. Nthawi ija bantu benzoganiza kuti imabwela na mphepo yoipa ya usiku, ndiye kwamene kunachokela zina, mu chi Italian. Kuti ni uzuzu, Ronald Ross anachionesa mu 1897. Daisy amwalila, ndipo pa manda ndiye pamene Giovanelli auza Winterbourne kuti musikana uja analibe mulandu uliwonse. Kuchedwa.

Isabel na £70,000 yamene inamugulila mavuto

Iyi yeve olo Zee World siingafikeko. The Portrait of a Lady, ya James futi, inatuluka mu 1881. Isabel Archer wa ku Albany afika ku England, akana mwamuna wa ndalama wa kwao, Caspar Goodwood, akana na Lord Warburton. Ati afuna ayambe aona chalo. Cousin wake Ralph, wodwala, apempha batate bake kuti bamusiyileko chuma musikana. Isabel auka na £70,000.

Ndalama zikamveka fungo, babululu bamachuluka. Apa ndiye pangena Madame Merle, muzimai waulemu, wokamba mofasa, woziba kuliza piano. Amutenga Isabel monga mufana wake, amupeleka ku Florence kuli Gilbert Osmond, bambo wa mwana umozi, wokonda vithunzi na vintu vakale koma thumba lilibe kanthu. Isabel aganiza kuti wapeza mwamuna wamene safuna ndalama. Chikomekome cha mkuyu, mukati muli nyelele.

Mu chikwati apeza kuti Osmond afuna mukazi wokhala zii monga chithunzi pa chipupa. Pambuyo pake chinsinsi chiphulika: Pansy, mwana wa Osmond, bamai bake ni Madame Merle. Chikwati chonse chinali plan ya bantu babili bamene banali pa chisumbali kale, kuti mwana wao apeze chuma. Ndipo bonse babili, Merle na Osmond, ni bobadwila ku America. Ngati kubelenga kumakulemesani, Nicole Kidman anasewela Isabel mu filimu ya 1996.

Jake na gulu yake: dola yamphamvu, mitima yodwala

Mu 1926 Ernest Hemingway anatulusa The Sun Also Rises. Kuti mumvese chifukwa chake ma American banazula mu Paris zaka zija, ganizani za board ya pa bureau de change. Nkhondo yoyamba ya chalo chonse ikalibe kuyamba, dola imozi inali ma franc 5. Pakati pa 1926 inapitilila 40. Kwao kunali futi lamulo yolesa kugulisa moba, kuchokela 1920 mpaka 1933. Manje munthu wa ka salary ka ma dola ku Paris enzokhala monga bwana, botolo pa tebulo usiku ulionse.

Koma Jake Barnes, mutolankhani, anabwela ku nkhondo na chilonda chamene chinamulanda mphamvu za mu nyumba. Akonda Brett Ashley, mukazi wa ku England, Brett nayeve amukonda, koma vizathela kuti? Gulu yonse iyenda ku Pamplona, mu Spain, ku chikondwelelo cha San Fermín cha mu July, kwamene ng'ombe zimathamangisa bantu mu museu. Kuja moba na nsanje visakanizika. Jake, na manja yake, apeleka Brett kuli Pedro Romero, munyamata wa zaka 19 womenyana na ng'ombe. Robert Cohn, mu American wamene anaphunzila nkhonya ku Princeton, amenya Jake, amenya na Romero. Montoya, mwine wa hotela wamene enzolemekeza Jake, aleka kumukambisa. Banaoloka nyanja, koma vamene vinali kubadya mukati vinakwela nabo chombo.

Tom Ripley, "connection" wamene simufunika

Uyu bambili mumuziba pa nkhope ya Matt Damon mu filimu ya 1999, olo Andrew Scott mu series ya 2024. Buku ni ya Patricia Highsmith, The Talented Mr. Ripley, ya 1955. Tom ni ka gong'a ka mu New York. Herbert Greenleaf, mwine wa kampani yopanga maboti, amulipilila ulendo kuti akanyengelele mwana wake Dickie abwelele ku nyumba kuchoka ku Italy. Dickie amulandila, amupasa pogona, pakuti ni wakwao.

Tom ayamba kukumbwila vonse: nyumba, vovala, ndalama zobwela mwezi na mwezi. Pamene aona kuti Dickie walema naye, amupaya na nkhafi mu boti pafupi na San Remo, atenga passport, aphunzila signature, akhala Dickie. Freddie Miles, mu American wina wamene ayamba kudabwa, nayeve apaiwa ku Rome. Musayembekezele kuti bakapokola bazamugwila. Buku isila Tom ali mfulu, na chuma cha Dickie mu manja.

Nanga imwe?

Aba bonse banali na vamene ise tilibe: ndalama yamphamvu, na ma border yamene yenzobasegukila mosavuta. Na pamene apo banagwa. Manje imwe wamene mwagulisa plot ya banja kuti mulipile "agent", ndipo chiyembekezo chanu chonse ni nambala ya WhatsApp ya munthu wamene ati ni wa kumunzi kwanu, funsani mafunso. Nchito ili pa pepala? Contract mwaibelenga mweka? Passport isachoke mu manja mwanu, olo wopempha akambe chitundu chanu. Bakwanu babwino baliko kunja, bambili. Koma chitundu si chikole.

Daisy Miller na The Portrait of a Lady zili mahala pa Project Gutenberg, ndipo ya Daisy mungaisilize pa Sunday imozi malaiti yakayenda. Yambilani pamene apo.