Fluorine, Mwana Wolusa M'banja la Mcere

Inu nonse mudziwa mcere, ndipo ambiri munamvapo fungo la mankhwala a chlorine m'madzi a m'mipopi. Kapenanso a dokotala anakupakani iodine pabala. Akatswiri ati chlorine, iodine ndi bromine nja banja limodzi lochedwa halogen, ndiko kunena obala mcere. Koma alipo wacinai, dzina lace fluorine, amene makhalidwe ace asiyana ndi a abale ace.

Iye ndi mpweya wacikasu, wolusa koopsya. Agwira pafupifupi cinthu ciri conse, ngakhale madzi amene. Anthu ophunzira anabvutika zaka zambiri kuti ampatule payekha, ndipo Louyet wa ku Belgium anafa nayo nchitoyi. Anakhoza ndi Henri Moissan ku Paris m'caka ca 1886.

Kodi ukali wotere ucokera kuti? Atomu yace njaing'ono kopambana ya abale ace. Awiri akagwirana okhaokha apanikizana, nalekana msanga. Koma mmodzi akagwira cinthu cina, sataya ai. Taonani: chlorine akagwirana ndi calcium, amene ali m'laimu ndi m'mafupa anu, apanga mcere wosungunuka msanga m'madzi. Fluorine akagwirana ndi calcium yemweyo apanga mwala wochedwa fluorspar, wosasungunuka wamba. Ngakhale asidi wace sasungika m'botolo lagalasi, popeza amadya galasilo.

Apa ndipo nkhaniyi ikukhudzani. Fluorine wa m'madzi, amene achedwa fluoride, amakakamira m'mano ndi m'mafupa. Akakhala pang'ono alimbitsa mano kuti asabooke. Cifukwa cace amamuika m'mankhwala otsukira mano, ndipo mzinda wa Grand Rapids ku America unayamba kumthira m'madzi akumwa mu 1945. Akacuruka, mano a ana amene akumera acita mawanga oyera, pambuyo pace ofiira, ndipo pakupita zaka mafupa auma.

Bungwe la WHO liti fluoride asapitirire mamiligramu 1.5 pa lita imodzi. Kwathu kuno madzi a mijigo yina ya ku Nathenje ndi ku Machinga anapezeka opitirira muyezo umenewu, pakuti adzera m'miyala yokhala naye. Madziwo aoneka oyera bwino, ndipo kuwawiritsa sikumcotsa konse. Mukaona ana ambiri a mudzi umodzi ali ndi mano ofiira, musawanene kuti satsuka m'kamwa. Uzani a mfumu ndi a zaumoyo kuti madzi a mjigowo akayesedwe.